Makadi a Yotamu

Sabata labwino, abale ndi alongo. Akulu a mpingo andipatsa nthawi yochepa, ndipo ndathokoza, chifukwa ine zolankhula zambiri sindikonda. Dzina langa ndine Layisoni. Ambiri mumandidziwa. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija munkanditchula kumbali, loti wasataniki. Musaweramitse mitu, sindinabwere kudzakalipira munthu. Ndabwera kudzanena zimene Mulungu anachita. Koma kuti muzimvetse, mumve kaye zimene anthu anachita.

Sukulu ndinalekezera Fomu 1. Bambo athu anawoloka kupita ku Mozambique kukafuna ganyu ndili wamng'ono, ndipo zikuoneka kuti mpaka lero akumufunabe. Tinatsala atatu m'nyumba ya kampani, kulayini kwa anthu a pa esiteti: amayi, ine, ndi mng'ono wanga Yotamu. Amayi amathyola tiyi. Dengu kumsana, kaya mvula kaya dzuwa, zala zong'ambikang'ambika. Itafika nthawi yoti mmodzi yekha apitirize sukulu, anasankha Yotamu. Anasankha bwino. Yotamu anali ndi mutu. Ine ndinali ndi mkwiyo basi.

Pamsika pathu paja, pambali pa chigayo, pali vidiyo sho ya a Jekete. Mukuidziwa, ngakhale muli pano munamizira kusaidziwa. Mabenchi a mabulugamu, chiguduli pakhomo, TV imodzi, ndi chisipika chopachika panja kuti aliyense wodutsa amve zimene akuphonya. Ine ndinkasesamo ndi kuima pakhomo. Malipiro anga anali kuonera ulere.

Tsiku lina a Jekete anabwera kuchokera ku Limbe ndi madisiki a katuni, zidole zojambula zija. Nkhani yake inali ya anyamata ndi atsikana a msinkhu wathu, atsitsi losongoka ngati minga, amene ankapikisana ndi makadi. Wina akaponya khadi pansi, m'khadimo munkatuluka chilombo. China chamapiko, china cholavula moto, china chovala zitsulo. Zilombozo ndi zimene zinkamenyana, anawo ayi. Wogonja ankagwada pansi, kenako ankadzuka n'kugwirana chanza ndi mnzake. Chingerezi chake chinali chothamanga, tinkangotolamo mawu amodziamodzi. Nyimbo yoyambira inali m'chilankhulo china, kaya Chijapani kaya Chitchaina, palibe ankadziwa.

Ndikuuzeni chimene chinandigwira mtima. M'filimumo munali mnyamata wosauka, wamakadi otolatola, amene ankagonjetsa ana a anthu olemera. Palibe ankamufunsa satifiketi. Palibe ankamufunsa kuti bambo ako ali kuti. Ankangoti khala pansi, ponya khadi, tikuone. Ine dziko lotere ndinali ndisanalionepo.

Ndinamutenga Yotamu kuti akaone. Ine ndinkangoonera, koma iye anabwerako ndi nzeru. Anayamba kutola makatoni a sopo kuseri kwa magolosale, n'kumawadula bwinobwino ndi lezala. Ankajambula ndi bolopeni, n'kupaka makrayoni a kusukulu. Sankakopera za pa TV zokha, ankapanga zake. Kunali Chinjoka cha ku Fakitale, chotulutsa nthunzi m'mphuno. Kunali Kapitawo wa Mitu Iwiri, mutu wina woseka ndi bwana, wina wokalipira anthu. Kunali khadi lina ankalitcha Chiperoni: akaliponya, makadi ake onse ankabisika m'nkhungu, iwe n'kumangomenya mphepo. Pakona pa khadi lililonse ankalemba manambala a mphamvu zake, ndipo kuseri ankalemba dzina la mwini wake, lake kapena langa, kuti tisakangane.

Amayi makadi amati ndi juga, ndipo vidiyo sho amati ndi kwa zidakwa. Choncho tinkabisa. Tinkasewera Lamlungu masana m'nkhalango ya mabulugamu ya kampani, ndipo nyimbo ija Yotamu ankaiyimba panjira pokha, yonse, mawu ndi mawu, osadziwa tanthauzo lake. Ankandigonjetsa nthawi zonse. Ankati ndikamachedwa kuganiza, amvekere: “Achimwene, ponyani. Nkhuku yadulidwa kale mutu, mukungophupha.” Ine n'kumuopseza kuti ndimumenya, iye n'kumati kumenyana ndi manja ndi kwa anthu opanda makadi.

Abale anga, umo ndi mmene zinalili. Sitinali osangalala kwenikweni, koma Lamlungu masana tinali ndi dziko lathu.

Nthawi ya mvula, Yotamu anadwala. Thupi kutentha, mutu kuwawa. Amayi anamugulira mapilitsi pagolosale n'kupita kumunda, chifukwa nyengo imeneyo tiyi sadikira munthu. Mmawa mwake anayamba kukomoka. Maso kutembenuka, mano kukukuta. Kenako anayamba kuyimba. Nyimbo ija. Mawu ake anali ouma, osamveka ngati ake, ndipo dzanja lake linkakwera m'mwamba n'kumatsika ngati akuponya chinthu pansi. Ine ndinadziwa kuti akusewera makadi m'mutu mwake. M'nyumba yonseyo ndinadziwa ndine ndekha.

Amayi a palayini anadzaza m'nyumba. Mmodzi anati asinthe mphasa poti inanyowa. Ataitukula, makadi aja anali pomwepo. Zilombo zanyanga, zamano, zofiira, manambala pakona, mayina athu kuseri. Mukukumbukira nthawi imeneyo mmene mphekesera za asataniki zinalili kuno ku Thyolo. Munthu ankaopa ngakhale mlendo wofunsa njira.

Anatumiza uthenga kwa amalume, mchimwene wawo wa amayi. Dzina lawo sinditchula. Iwo ndiwo mwini mbumba wathu, komanso anali ndi kagulu kawo ka mapemphero. Atafika anayala makadiwo pansi limodzilimodzi, ndi kamtengo, osafuna kuwakhudza. Anafunsa kuti wabweretsa zimenezi m'banja muno ndani. Ndinati ndine, ndipo ndi masewera a pa TV, a ana, ajambula ndi Yotamu yemweyu pa makatoni a sopo. Ndinatembenuza khadi limodzi kuti aone chizindikiro cha sopo.

Anandiyang'ana n'kunena kuti: “Iwe ukuganiza kuti Satana amabwera atanyamula chikwangwani? Amabwera ndi masewera.”

Ndinati tiyeni kwa a Jekete mukaone nokha. Anati phazi lawo silingaponde m'nyumba ya mdima. Ndinati chabwino, musapite, koma mwanayu tipite naye kuchipatala ku Makwasa. Ndinathamanga kukabwereka njinga ya a Jekete, ndinamangirira pilo pakaliyala, ndinaiimika pakhomo. Koma mukudziwa mwambo wathu. Wodwala sachoka pakhomo mwini mbumba asanalole. Bambo akanakhalapo, nawonso akanafunsa kaye kwa amalume. Nanga ine, wosiya sukulu, wosesa m'vidiyo sho?

Ndinagwada kwa amayi. Ine sindigwadira munthu, koma tsiku limenelo ndinagwada. Ndinati amayi, ndi malungo awa, tiyeni. Amayi anayang'ana Yotamu, anayang'ana makadi, kenako anayang'ana achimwene awo. Amalume anati jakisoni satulutsa chiwanda, ndipo mwana akuyimba m'chilankhulo cha mizimu aliyense akumva. Anati akamutengera kuchipatala chiwandacho chisanatuluke, akafera panjira.

Ndinawatukwana. Ndinawatukwana zenizeni, ndipo akulu a mpingo mundikhululukire, pa zimenezo kulapa kwanga kukadali panjira. Azibambo anandikokera kunja n'kutseka chitseko. Makadi anawatenthera pabwalo, akuyimba makorasi.

Ndinakhala kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera, mvula ikundithera pathupi. Njinga ili pomwepo. M'katimo iwo akufuula, akudzudzula chiwanda, ndipo pansi pa phokoso lonselo ndinkamva kamawu ka mng'ono wanga kakuyimbabe. Kunada, kunacha, akupempherabe. Kamawuko kankacheperachepera. Kenako kanasiya. Ndinamva amalume akulengeza kuti chatuluka, ndipo anthu anawomba m'manja.

Anawomba m'manja, abale anga.

Ataona kuti sakudzuka, m'pamene anakapempha thirakitala ya kampani. Anafika naye ku Makwasa akupuma pang'onopang'ono, ndipo sanakhalitse. Namwino anawauza amayi mosabisa kuti anali malungo okwera kumutu, ndipo akanabwera naye msanga mwina akanachira. Amalume anayankha panja kuti achipatala amaona magazi, saona mizimu. Amayi anali ndi mawu awiri oti asankhepo. Anasankha a amalume.

Maliro anakachitikira kumudzi kwa amayi, kwa Changata. Amalume analamula kuti ndisayandikire, ati ndadya mng'ono wanga. Ndinaima m'munda wa nthochi, patali, ngati wakuba. Ndinaona bokosi likutsika. Ndinaona ana a sukulu anzake akuponya dothi, ndinaona anthu amene sankadziwa n'komwe kuti Yotamu amajambula akuponya dothi. Ine ayi.

Maliro atatha ndinabwerera kulayini. Chitseko chinali chotseka, koma ndinkadziwa kuti amayi ali m'kati. Ndinagogoda, ndinati ndine. Anayankha osatsegula.

“Ndinabereka awiri. Wina ndamuika m'manda. Winayo sindikumudziwa.”

Kuchokera pamenepo ndinkagona pabenchi m'vidiyo sho. A Jekete sanandithamangitse, Mulungu awakumbukire, ngakhale sapemphera. Ndinayamba kachasu. Ndikafika pamjigo, amayi ankasuntha ndowa zawo. Ana aang'ono ankathawa akandiona panjira, koma masana ankabwera kudzaonera katuni yomweyo, n'kundipatsa ndalama pakhomo atatembenuzira nkhope kumbali. A Jekete sakanasiya kuionetsa, ndi imene inkadzaza mabenchi. Ndiye tsiku ndi tsiku ndinkaika disiki ndi dzanja langa, n'kumva nyimbo imene mng'ono wanga anafa akuyimba. Tsiku ndi tsiku.

Amayi ndinkawaona patali, pamzere wa othyola tiyi, akupita kusikelo. Akandiona ankayang'ana dengu la mnzawo wakutsogolo. Chimene chinkandiwawa sichinali dzina la usataniki. Anthu anene zimene akufuna, pakamwa ndi pawo. Chinkandiwawa n'choti mayi wondibereka ankagona ndi kudzuka akukhulupirira kuti ine ndinapha Yotamu.

Masana ena ndinapita kudamu la kampani. Sindikuuzani kuti ndinkakasamba. Ndinakhala m'mphepete nthawi yaitali, ndikuyang'ana madzi. Kupemphera sindinkadziwa, ndipo amene ndinawaona akupemphera ndi omwe anawomba m'manja aja. Koma ndinalankhula. Ndinati: “Inu, ngati mulipo, sindikupemphani ntchito. Sindikupemphani sukulu. Auzeni amayi anga. Ine sandimvera.”

Sikunabwere mngelo. Sindinamve mawu. Kunangoyamba chiperoni, ndinazizidwa, ndinamva njala, ndipo ndinadzuka n'kubwerera kumsika. Lero ndimati njala imeneyo anatumiza ndi Mulungu.

Miyezi inapita. Nyengo yozizira itafika, chigayo chapafupi ndi kulayini chinawonongeka, ndiye anthu akumeneko anayamba kubwera kudzagayitsa pamsika. Lamlungu lina masana, ana atadzaza mabenchi, ndinaika disiki monga mwa nthawi zonse. Chisipika chapanja chinayamba nyimbo ija. Ndinamva amayi ena panja akukuwa kuti chimanga chatayika. Sindinalabadire. Kenako chiguduli chapakhomo chinatukuka, kuwala kunalowa, ana anayamba kudandaula kuti tsekani.

Anali amayi anga.

Sanandiyang'ane. Maso awo anali kufunafuna m'chipindamo, nkhope ndi nkhope. Anafunsa kuti akuyimbayo ndani. Ana anaseka, wina analoza TV. Ndipo anawo anali akuyimba nawo, onse, mokweza, ena mwa iwo ana a palayini pathu pomwe, ana a amayi omwe anadzaza m'nyumba mwathu tsiku lija. Nyimbo ya mizimu ija, inali m'kamwa mwa mwana aliyense wamamina.

Kamtsikana kena kanawasunthira malo. Amayi anakhala pansi, pakati pa ana, chitenje chawo chili mbuu. Mayi amene anali asanapondepo m'vidiyo sho moyo wawo wonse. Ndinafuna kuzimitsa, koma ndinaisiya. Anaonera. Anaona mnyamata akukweza dzanja m'mwamba n'kuponya khadi pansi, ndipo ndinawaona akugwira pakamwa, chifukwa dzanja limenelo ankalidziwa. Anaona chilombo chikutuluka, ana akukuwa mosangalala. Anaona wogonja akudzuka n'kugwirana chanza ndi mnzake. Anaonera mpaka pamapeto.

Ana atatuluka tinatsala awiri. TV ili buluu. Analankhula osanditembenukira.

“Ndi zimenezi basi?”

“Ndi zimenezi basi, amayi.”

“Zidole?”

“Zidole.”

Kenako anati, motsitsa, ngati akudziuza okha: “Ndiye kuti anali malungo. Njinga inali pakhomo. Ine ndinakhala pamphasa.”

Abale ndi alongo, tsiku limeneli ndinalidikira. Ndinali nditakonza mawu. Pabenchi paja ndinkawabwereza, mawu akuthwa, oti ndidzawauze amayi tsiku limene adzadziwe kuti ndinkanena zoona. Tsikulo linafika, ndipo mawu onse anathawa. Ndinaona chimene ndinapempha kudamu kuja. Ndinapempha kuti katundu achoke pamutu panga, koma sindinafunse kuti akatera pa yani. Anatera pa iwo. Nthawi yonse ija amayi sankandida ine. Ankagwira mawu a amalume chifukwa akanawasiya, akanatsala ndi mawu a namwino, ndipo mawu a namwino ndi olemera kuposa dengu lililonse limene anasenzapo.

Amayi zikawafika pamtima amalankhula Chilomwe. Anatambasula dzanja n'kugwira malaya anga, n'kunena kuti, “Mwanaka.” Mwana wanga. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaitana ine kapena Yotamu. Sindinafunse. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo tinalira maliro amene sitinalire limodzi.

Titatuluka, chimanga chinali mbwee pafumbi, nkhuku zayamba kale. Tinatola limodzi, anthu a pamsika akuonerera. Ndinakagayitsa, ndinasenza, ndipo tinayenda kupita kulayini, iwo patsogolo ine pambuyo. Pakhomo anatsegula chitseko n'kuima pambali kuti ndilowe.

Pasanapite nthawi anandiuza kuti tipite kwa Changata. Anayamba afika kwa amalume. Amayi moyo wawo wonse anali asanawayankhepo achimwene awo, koma tsiku limenelo anaima pabwalo n'kuwauza kuti akupita kumanda ndi mwana wawo, ndipo sanabwere kudzapempha. Amalume anati anyengedwa ndi kanema. Amayi anangondikoka dzanja. Mandawo anali atamera udzu. Ndinapalira ndi manja, kenako ndinatapa dothi n'kuliika pamwamba. Mochedwa, koma ndinaika.

Mudzafunsa kuti nanga muno ndinafika bwanji. Amayi anabwerera ku Makwasa kukafuna namwino uja, kuti awauzenso bwinobwino, chifukwa tsiku loyamba lija sanamve ndi mtima. Namwinoyo anawauza zomwezo, sanachepetse. Koma anakhala nawo pansi, anapemphera nawo, ndipo anawaitanira kuno. Amayi anati sangabwere okha. Ine ndinabwera kudzawaperekeza basi, ndinkakhala panja pamwala paja. Mvula ndi imene inandilowetsa. Ndinabatizidwa chaka chatha, ambiri munalipo.

Panopa ndimagwira ntchito yodulira tiyi pa esiteti. Kachasu ndinasiya. Ndimagona m'nyumba, ndimadya ndi amayi mbale imodzi. Amalume tikakumana timapatsana moni, n'kupitirira. Iwo akunenabe zawo. Kuti ndawakhululukira, sindinama pamaso pa Mulungu, ndikuyesetsa. Kwa a Jekete ndimapitako mwa apo ndi apo kukawaona, koma katuni ija sinditha kuionera.

Amayi akuthyolabe tiyi. Sadya bwino. Nthawi zina tili phee amandifunsa kuti Yotamu ankajambula zotani, ndipo ndimawafotokozera za Chinjoka cha ku Fakitale ndi Kapitawo wa Mitu Iwiri. Tsiku lina anaseka, kenako analowa kuchipinda. Anandipempha kuti ndiwajambulire limodzi, aone mmene linkaonekera, poti tsiku lija anaona ndi maso a mantha. Ndinayesa. Ine kujambula sinditha. Ankatha ndi iye.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anamva pemphero la munthu wosadziwa kupemphera, wonunkha kachasu, ali m'mphepete mwa damu. Sanayankhe kudzera mwa mlaliki. Anawononga chigayo, n'kuyankha pachisipika cha m'vidiyo sho. Anandibwezera amayi anga. Yotamu sanandibwezere, ndipo zimenezo ndikadali kukambirana naye.

Kwa inu ndili ndi mawu amodzi. Mwana akatentha thupi, pempherani, inde. Koma pempherani muli panjinga.

Amayi ali muno, akhala kumbuyo. Musatembenuke. Tikatuluka mukawapatse moni ngati munthu wina aliyense, osawauza kuti zinali chifuniro cha Mulungu, amenewo anawamva kale. Ndipo mukamagwada kunyumba kwanu, ine musavutike nane, ndinayankhidwa. Pemphererani iwo.

Ambuye alemekezeke. Ndathokoza.